Ndinapezeka wolakwa kukhoti mu 2013, kodi security clearance ndingaipeze?

Mlendo_ku_Virginia

Moni nonse. Ndazengereza masiku atatu, koma paja safunsa anadya phula, ndiye ndati ndibwere nayo nkhaniyi kwa inu.

Ndili ndi zaka 41, ndimakhala kumpoto kwa Virginia, ndipo ntchito yanga ndi yoyang'anira manetiweki a makompyuta. Unzika wa America ndinalandira mu 2018. Sabata yatha kampani ina imene imagwira ntchito za asilikali inandiimbira kuti yandisankha. Malipiro ake akuposa a kumene ndili pano ndi madola pafupifupi 22,000 pachaka, ndipo kwa ine amene ndili ndi ana atatu ndalama imeneyi si yocheza. Koma ntchitoyo siyambika popanda chilolezo choonera zinsinsi za boma, chija amati security clearance, cha mulingo wa Secret. Mayi woona zachitetezo pakampanipo wanditsegulira kale tsamba la pa intaneti la eApp kuti ndidzaze fomu yofunsira chilolezocho ya SF-86, ndipo wandipatsa masiku 10.

Ndinadzaza bwinobwino mpaka ndinafika pagawo 22, la apolisi ndi makhoti. Pamenepo manja anazizira.

Mu 2013, ndili ndi zaka 29, apolisi anandiimitsa usiku ndikuchokera kuphwando la mnzanga. Atandiuziritsa kachipangizo kawo koyezera mowa kanaonetsa 0.11, pamene malire ndi 0.08. Ndinagona m'chitokosi usiku umodzi. Kukhoti ndinavomera mlandu. Anandilipiritsa chindapusa, anandigamula masiku 30 koma anati ndisakalowe bola ndisapalamulenso, laisensi anaiimitsa chaka chathunthu, ndipo ndinachita maphunziro a VASAP, a anthu ogwidwa akuyendetsa galimoto atamwa, mpaka kumaliza. Kuyambira tsiku limenelo sindinagwirenso chiwongolero nditamwa.

Yachiwiri ndi ya 2021. Tinakankhana ndi bambo wina pamalo oimika magalimoto, apolisi anabwera, ndipo ine ananditsegulira mlandu womenya munthu. Tsiku la khoti mnzangayo sanabwere, mlandu unathetsedwa. Chaka chotsatira loya anandithandiza kuti ufafanizidwe m'mabuku, ndipo anandiuza kuti tsopano zili ngati sizinachitike n'komwe.

Chimene ndikufuna kudziwa ndi ichi: munthu amene khoti linamupezapo wolakwa, kodi chitseko chatsekeka basi? Mnzanga wina kuntchito akuti fomuyo imangofunsa za zaka 7, ndiye za 2013 ndisazitchule, ndipo za 2021 poti zinafafanizidwa palibe angazione. Mtima wanga sukuvomereza, koma ndikuopanso kudzikumbira dzenje polemba zinthu zimene palibe wandifunsa. Amene munadutsamo, ndithandizeni.

Mayi_wa_zachitetezo

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatumize fomuyo. Ine ndinagwira ntchito ngati ya mayi amene wakutsegulirani eApp uja kwa zaka 9, pamakampani awiri, ndipo mafomu amenewa ndawawerenga ochuluka. Ndiyambe ndi mnzanu wa kuntchito: wakusokeretsani pa zonse ziwiri.

Gawo 22 lili ndi mafunso amitundu iwiri. Oyamba ndi a zaka 7 zapitazi: kumangidwa, kupatsidwa samani yokaonekera kukhoti pamlandu, kuzengedwa mlandu, kupezeka wolakwa, kukhala pa probation kapena parole (kukhala kunja kwa ndende koma ukuyang'aniridwa). Matikiti apamsewu osafika madola 300 amakhululuka, pokhapokha ngati munalibe mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Mnzanuyo anawerenga pamenepa n'kulekeza. Pansi pake pali mafunso ena amene alibe malire a zaka, amafunsa za moyo wanu wonse: ngati munazengedwapo mlandu waukulu wa felony, mlandu wa mfuti kapena mabomba, ngati munapezekapo wolakwa pa nkhanza za m'banja, ngati munagamulidwapo kupitirira chaka n'kukhaladi m'ndende chaka, ndiponso ngati munazengedwapo mlandu uliwonse wokhudza mowa kapena mankhwala. Wanu wa 2013 ukugwera pomalizapa. Ngakhale patapita zaka 30 mudzaulembabe.

Wa 2021 uli mkati mwa zaka 7, ndiye ulembedwa. Zoti unafafanizidwa sizikuthandizani pano. Pamwamba pa gawolo analemba momveka kuti munene zonse, kaya mlandu unathetsedwa, unatsekeredwa kapena unafafanizidwa m'mabuku a khoti. Kampata kokhako ndi ka milandu ina ya mankhwala imene inazengedwa pa lamulo la boma lalikulu n'kufafanizidwa pansi pa 21 U.S.C. 844 kapena 18 U.S.C. 3607, ndipo wanu suli m'gulu limenelo. Loya wanu sananame, amanena za malamulo a Virginia, a mabwana wamba. Fomu iyi ndi ya boma lalikulu, ndipo imayendera zake.

Tsopano funso lenilenilo. Ayi, chitseko sichinatsekeke. Anthu ambiri amaganiza kuti pali mndandanda wa milandu woti ukangopezekapo basi zako zada. Lamulo limene limatsekadi chitseko ndi Bond Amendment la 2008, ndipo ndi lopapatiza kwambiri. Limaletsa chilolezo chamtundu uliwonse kwa munthu amene akugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa pakali pano kapena amene anamulowerera. Kumbali ya milandu, limakhudza amene anagamulidwa kupitirira chaka n'kukhaladi m'ndende chaka kapena kuposerapo, ndi amene anachotsedwa usilikali mochititsa manyazi, komanso limangokhudza zinsinsi zapamwamba kwambiri za SCI, SAP ndi Restricted Data. Ngakhale pamenepo mwayi wopempha kuti akukhululukireni ulipo. Inu munagona m'chitokosi usiku umodzi ndipo mukufuna Secret. Lamulo limenelo silikukukhudzani.

Chimene chidzakuyezeni ndi malangizo a boma oweruzira zilolezozi, otchedwa SEAD 4, amene anayamba kugwira ntchito mu June 2017. Ali ndi mitu 13, kuyambira A mpaka M, ndipo wa milandu ndi J. Woweruza fomu yanu sangoona dzina la mlandu. Amafunsa kuti unali waukulu bwanji, unachitika liti, kangati, munali ndi zaka zingati, zinthu zinali bwanji tsikulo, mwasintha chiyani, ndiponso ngati zingachitikenso. Zimene zimapeputsa mlandu anazilembanso: kupita kwa nthawi osapalamulanso, kumaliza zonse zimene khoti linalamula, kubweza zimene unawononga, sukulu, mbiri yabwino ya kuntchito, kuthandiza ena m'dera lako. Ndinaonapo anthu a milandu yolemera kuposa yanu, ina ya felony ya paunyamata, akulandira chilolezo chifukwa zaka zinali zitapita ndipo moyo wawo unkachitira umboni wokha.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi ufulu wanu. Khoti lalikulu la dziko lino linanena kale mu 1988, pamlandu wa Egan, kuti palibe munthu ali ndi ufulu wolandira chilolezochi, ndipo malangizowo amati pakakhala chikaiko, chitetezo cha dziko ndicho chimapambana. Ndiye ntchito yanu ndi kuchotsa chikaiko.

Pali chinanso chimene mwina mwaiwala. Pofunsira unzika munadzaza fomu ya N-400, ndipo imafunsa ngati munamangidwapo. Ndikukhulupirira kuti za 2013 munalemba. Ndiye kuti boma likuzidziwa kale kuchokera pakamwa panu. Zidindo za zala zanu zipitanso ku FBI. Mukasiya kulemba lero, wofufuza adzakhala ndi mapepala awiri osainidwa ndi munthu mmodzi, onena zosiyana. Pamenepo nkhani imachoka pamutu J n'kupita pamutu E, wa khalidwe ndi kukhulupirika, ndipo kunama pafomuyi ndi mlandu pawokha pansi pa 18 U.S.C. 1001, wa zaka zofika 5 m'ndende. Ambiri sazengedwa, amangomanidwa chilolezo, koma bodzalo limakhala la chaka chino pamene mlandu munkaubisawo unali wakalekale.

Ndili ndi mafunso awiri kwa inu. Tsiku la 2021 lija munali mutamwa? Nanga akazi anu akudziwa nkhani zonse ziwiri?

Bambo_a_mapasa

Amwene, mverani zimene mayiwa anena. Ine ndine amene ndinatsata malangizo ngati a mnzanu uja, ndipo ndinalipira.

Mu 2006, ndili ndi zaka 19 kukoleji, anandigwira ndi kachamba kochepa m'thumba. Khoti la m'deralo linandipatsa maola ogwira ntchito zothandiza anthu, nditamaliza mlandu unathetsedwa. Mu 2015 ndikudzaza SF-86 koyamba ndinadziuza kuti patha zaka 9, ndiponso sindinapezeke wolakwa, ndiye ndinayankha kuti ayi. Chilolezo cha Secret chinatuluka. Ndinagwira ntchito zaka zinayi mtima uli m'malo, mpaka ndinaiwala.

Mu 2019 anandikweza, pakufunika Top Secret. Kafukufuku wake ndi wozama, amayenda m'makhoti a kumene unakhalako, amacheza ndi anansi ndi anzako akale. Ndinakopera mayankho akale aja osasintha. Tsiku lokumana ndi wofufuza, tinakhala m'kachipinda kakang'ono, iye akuwerenga funso lililonse, ine ndikuvomera. Atafika pa za mankhwala anafunsa kawiri. Kachiwiriko ndinati ayi ndithu. Ndiye anatulutsa pepala la kukhoti lija.

Sindidzaiwala manyazi a tsiku limenelo. Bamboyo sanakalipe, anangolemba.

Patapita miyezi ndinalandira kalata ija amati Statement of Reasons, yofotokoza zifukwa zimene akufuna kundimanira. Za chamba cha 2006 zinali mzere umodzi. Zotsala zonse zinali zakuti ndinanama mu 2015, ndinanamanso mu 2019, ndipo ndinanama kachitatu pamaso pa wofufuza. Amakupatsa masiku 20 kuti uyankhe. Ndinalemba loya, ndinapempha kukaonekera kwa jaji wa DOHA, ofesi yomva madandaulo a zilolezozi, abwana anga awiri anabwera kudzandichitira umboni. Sizinathandize. Jajiyo ananena zoona: malangizo amapeputsa bodza ngati munthu walikonza yekha msanga asanamuonetse umboni, ndipo ine ndinali ndi mipata itatu yotero, yonse ndinaitaya. Secret yomwe ndinali nayo ija inapita, ntchito inatha, mkazi wanga ali ndi pakati pa mapasawa.

Ukamanidwa umadikira chaka chathunthu usanayesenso, ndipo pafunika kampani yoti ikuimirire, chifukwa munthu sufunsira wekha chilolezochi. Ndinagwira ntchito zina zaka ziwiri. Mu 2022 kampani ina inandiimirira, ndinalemba zonse, chamba, mabodza atatu aja, kumanidwa, zonse. Zinatenga nthawi koma chinatuluka.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti loya wanga anandiuza kuti ndikanalemba chambacho mu 2015, mwina akanangondifunsa mafunso awiri atatu basi. Zigamulo za DOHA zili pa intaneti, mayina anachotsamo. Khalani pansi usiku umodzi muwerenge za mutu J ndi G (wa mowa), muone nokha amene amapatsidwa ndi amene amamanidwa. Mudzapeza anthu ofanana ndi inu.

Nambewe_MD

Ine sinditsutsa zimene zanenedwa, koma ndikuona ngati tikumulimbitsa mtima mopitirira. Kulemba zoona sikutanthauza kuti chilolezo chituluka mawa. Achimwene, kalata yosiyira ntchito musalembe. Anthu opanda chilichonse m'mbiri yawo nthawi zambiri amapatsidwa chilolezo chongoyembekezera, cha interim, n'kuyamba ntchito kafukufuku ali mkati. Inu ndi nkhani ya 2021 ija mwina sakupatsani, ndipo mudikira mpaka chigamulo chenicheni. Kumanidwa interim si kumanidwa chilolezo, koma funsani kampaniyo lero ngati idzakusungireni malo miyezi yonseyo. Ena sasunga.

Mwamuna wanga analibe mlandu ngakhale umodzi, koma zake zinachedwa chifukwa cha abale amene si nzika za kuno ndi ndalama zimene timawatumizira. Zimenezo ndi mutu B. Onaninso ngongole ndi misonkho yanu, mutu F, chifukwa kumeneko n'kumene ambiri amagwera, kuposa kumilandu. Mlandu wakale ukakumana ndi ngongole zosabweza, woweruza amaona munthu mmodzi wosasamala malamulo.

Mlendo_ku_Virginia

Zikomo nonse. Bambo a mapasa, nkhani yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndikuthokoza kuti mwaiulula chifukwa cha ine.

Mayi, mafunso anu andigwira pamtima. Inde, mu 2021 ndinali nditamwa. Tinkaonera mpira ndi anzanga, ndinamwa mabotolo atatu, ndipo amene ankayendetsa anali mnzanga, osati ine. Sindinaitchule poyamba chifukwa papepala la mlandu sanalembepo za mowa, ndipo m'mutu mwanga nkhani ziwirizi sizinkagwirizana. Pano ndikuona kuti zikugwirizana. Ndikanakhala wosamwa ndikanangolowa m'galimoto n'kumusiya bamboyo akulalata.

Akazi anga akudziwa zonse ziwiri, ndi amene anabwera kudzanditenga maulendo onse awiri. Abwana anga apano sadziwa, apongozi anganso sadziwa. Pa N-400 ndinalembadi za 2013, ndinapita ndi mapepala a khoti pokafunsidwa.

Mowa ndimamwabe, koma mwa apo ndi apo, botolo limodzi kapena awiri pakakhala chochitika. Kodi zimenezi zindiwonongera? Ndisiyiretu lero kuti ndikanene kuti ndinasiya? Za misonkho ndi ngongole zili bwino, Nambewe, koma abale kunja ndili nawo ambiri ndipo ndimawathandiza mwezi ndi mwezi.

Mayi_wa_zachitetezo

Ndinafunsa dala, achimwene, chifukwa wofufuza adzafunsa chimodzimodzi, ndipo lipoti la apolisi a tsikulo likhoza kunena za fungo la mowa ngakhale pepala la mlandu silinena. Kuli bwino amve kwa inu.

Apa ndiye pagona nkhani yanu. Mlandu wa 2013 pawokha ndi wakale, munali wachinyamata, munamaliza zonse. Wa 2021 pawokha unathetsedwa. Koma woweruza akaika ziwirizi pamodzi aona ulusi umodzi, mowa, ndipo adzatsegula mutu G. Adzafuna kudziwa ngati munthu uyu akamwa nzeru zimamuthawa. Dziwaninso kuti kuthetsedwa kwa mlandu sikumuletsa kuuganizira. Malangizo amalola kuyeza zimene munthu anachita ngakhale sanapezeke wolakwa, ndiye musakaime pa mawu akuti khoti linandimasula. Khoti silinamve mlanduwo, mnzanu sanabwere. Kanenani zimene zinachitika: tinakangana, ndinamukankha, ndinali nditamwa mabotolo atatu, ndinalakwa.

Gawo 24 la fomuyo ndi la mowa. Limafunsa ngati m'zaka 7 zapitazi mowa unachititsapo kuti apolisi alowererepo, ndipo ndi zimene mwanenazi yankho lanu ndi inde. Limafunsanso ngati munalamulidwapo kapena kulangizidwa kukalandira uphungu chifukwa cha mowa, pamoyo wanu wonse. Anthu anga ndinkawauza kuti maphunziro olamulidwa ndi khoti ngati a VASAP awatchule pamenepo n'kufotokoza m'bokosi la ndemanga kuti anali otani.

Zosiya mowa lero kuti mukanene kuti munasiya, ayi. Kusiya kwa sabata ziwiri sikunyenga munthu, ndipo mukanena kuti simumwa kenako mnzanu amene mwamulemba ngati mboni n'kunena kuti munamwa naye pa Khirisimasi, mwadzipangira vuto limene panalibe. Malangizo salamula kuti aliyense asiyiretu. Amafuna kuona kuti munthu wavomereza vuto lake ndipo kamwedwe kake kanasinthadi kwa nthawi yooneka. Ngati kuyambira 2021 simunaledzerepo, nenani zimenezo ndi manambala ake enieni, kangati pamwezi, mabotolo angati. Ngati mukufuna kusiya chifukwa mwaona nokha kuti mowa wakugwetsani kawiri, siyani, ndipo ine ndingakondwere, koma chikhale chanu. Nthawi zina amatumiza munthu kwa dokotala kuti akamuyeze za kamwedwe. Zikatero pitani, musakane.

Za akazi anu ndinafunsa chifukwa boma limaopa chinsinsi chimene munthu wina angakugwireni nacho pakhosi. Ngati mkazi wanu akudziwa, ndipo mukhoza kunena mosaopa kuti apongozi atamva mungachite manyazi koma simungagulitse chilichonse kuti asamve, nkhawa imeneyo yatha. Abwana anu apano simukakamizidwa kuwauza za milanduyi, koma dziwani kuti ofufuza akhoza kuwafikira potsimikiza za ntchito yanu, ndiye konzekani kuti adziwa zoti mukufuna kuchoka.

Musanatumize, pitani kukhoti mukatenge makope otsimikizika a chigamulo cha 2013, risiti ya chindapusa ndi kalata yomalizira VASAP. Masiku, dzina la khoti ndi dzina lenileni la mlandu mulembe mokopera papepala, osati za m'mutu. Masiku 10 akachepa, pemphani mayi wa pakampaniyo akuwonjezereni, amavomera. M'bokosi la ndemanga lembani mwachidule, ziganizo zinayi kapena zisanu pamlandu uliwonse, osadzudzula wapolisi kapena bambo munakangana naye uja. Ndipo mukadzalandira chilolezocho, kumbukirani kuti masiku ano sadikira zaka kuti akufufuzeninso, makompyuta awo amaona zomangidwa nthawi zonse. Chilichonse chikadzachitika, woyamba kumva akhale woona zachitetezo wa pakampani panu, kuchokera kwa inu.

Mlendo_ku_Virginia

Ndabwerako kukhoti m'mawa uno. Za 2013 andipatsa zonse, chigamulo ndi umboni woti chindapusa ndinalipira. Kalata ya VASAP akazi anga aipeza m'chikwama cha mapepala a unzika. Za 2021 kalaliki wafufuza pakompyuta ndipo sanapeze kanthu, akuti zofafanizidwa sangazitulutse popanda chilolezo cha jaji. Ndaimbira loya uja, ali ndi makope ake m'faelo, andipatsa Lachinayi pamodzi ndi chikalata chofafanizira.

Ndalankhulanso ndi mayi wa pakampaniyo. Ndamuuza kuti pagawo 22 pali zinthu ziwiri ndipo pagawo 24 pali inde. Sanadabwe, wangondiwonjezera sabata imodzi. Za kusunga malo wati afunse akuluakulu ake ndipo andiyankha Lolemba, ndiye kuntchito kwanga sindinanene kalikonse, Nambewe.

Usiku uno ndikhala pansi ndi akazi anga tilembe mayina, masiku obadwa ndi maadiresi a abale onse a kunja, chifukwa gawo limenelo sindinaliyambe n'komwe. Bambo a mapasa, ngati mukukumbukira mafunso amene wofufuza anakufunsani ulendo wa 2022 uja, ndilembereni, ndikufuna ndikalowe m'chipindacho nditakonzeka.